KULIMA DENJE M'DIMBA NDI PA KHOMO

Mau a mlangizi wa za malimidwe kwa mafumu ndi alimi a m'midzi

 Masiku ena ndinalankhula nanu za mizere yopingasa mtsetse, za manyowa, ndi za kasungidwe ka cimanga m'nkhokwe, ndipo munandimvera mwaulemu. Lero ndadza ndi nkhani imene ena a inu adzaiyesa yacibwana, pakuti ndifuna kunena za denje. Ndaona kale kuti amai ena kumbuyoko alikuseka, ndipo ndidziwa cimene alikunena m'mtima mwao: "Kodi mlangiziyu wasowa nchito? Afesa denje ndani? Kodi silimera lokha m'munda, ife ndi kungothyola pobwerera kumudzi?" Sekani ndithu, koma mutatha kuseka mundichere khutu, pakuti cimene ndirikupempha ndi ici: banja liri lonse lipatse denje bedi lace, lilifese ndi manja, lilithirire, nilisunge mbeu yace caka ndi caka monga musunga mbeu ya cimanga ndi ya nyemba.

Poyamba timvane za comera cimene ndirikunena, cifukwa dzina ili la therere liri ndi eni ace ambiri. Liripo therere lobala, limene tidya zipatso zace, ciripo cewe, liriponso therere la masamba a mlambe, ndi ena otere. Denje ndi lija la tsinde loongoka ndi timaluwa tating'ono tacikasu. Tsamba lace liri ndi mano m'mbali monse ngati sowo, ndipo mukaliyang'anitsa m'munsi mwace, pamene tsamba ligwirana ndi kaphesi kace, mudzaona tindevu tiwiri toloza kumbuyo. Cimeneco ndico cizindikiro cosanama. Likakhwima libala makoko aatali, oonda, amene ang'ambika akauma ndi kutaya tinjere takuda tambirimbiri. Mitundu yace iripo ingapo. Wina uli ndi masamba aakulu, onyezimira, ndipo khoko lace ling'ambika pasanu. Wina masamba ace ndi oonda, ndipo khoko ling'ambika patatu. Yonse idyedwa, koma wa m'dimba sankhani wa masamba aakulu uja, pakuti licero lidzala msanga.

Akatswiri a zomera aika denje m'banja limodzi ndi thonje, therere lobala, cidede, limanda, ndi mlambe womwe, ngakhale uli mtengo waukulu cotero. Ku Ulaya kulinso mbale wace wa banja lomweli, amene Angerezi amucha mallow, wa maluwa ofiirira a mizere yakuda. Iyenso amera yekha m'mbali mwa njira, masamba ace aterera pophika, ndipo Aroma ndi Agiriki akale anali kumdya. Masiku ano ena amlima pa khomo cifukwa ca maluwa, ena cifukwa ca ndiwo. Koma mallow akonda maiko ozizira, ndipo sindinadzere kudzakuuzani kuti mufune mbeu ya kutsidya la nyanja, pamene mbale wace wozolowera dzuwa lathu alikumera kuseri kwa nkhokwe yanu.

Nanga ngati limera lokha, tivutikirenji kulifesa? Funsani agogo amene akhala apawa. Kale munda ukatopa anali kuusiya ugone tsala zaka zingapo, ndipo m'tsalamo, pa culu, ndi m'mbali mwa dambo denje linali kumera, kubala ndi kudzifesa lokha popanda wolisokoneza. Lero anthu taculuka, minda yacepa, ndipo m'midzi yambiri tsala mulibenso. Munda womwewo ulimidwa caka ndi caka, upaliridwa kawiri, ndipo denje lizulidwa lisanabale. Alimi ambiri tsopano athira mankhwala opha udzu, ndipo mankhwalawo sadziwa kusiyanitsa udzu ndi ndiwo. Apsereza cisoso, bonongwe, luni ndi denje pamodzi ndi udzuwo. Ngakhale limene lapulumuka m'munda wa thonje kapena wa fodya siliyenera kudyedwa, ngati mundawo wapoperedwa mankhwala opha mbozi. Cotero mai amene kale anali kudzaza licero pafupi ndi nyumba, lero ayenda mtunda wautali nabwera ndi kadzanja kamodzi.

Ndipo pali njala ina imene sitiiwerenga, ndiyo njala ya ndiwo. Iyamba m'mwezi wa Ogasiti kapena Sepitembala, pamene nyemba zatha, mfutso watsala pang'ono m'cikwatu, ndi chire lapsa, nikhala kufikira mvula itagwa ndi masamba atsopano atamera. Ufa ukhoza kukhalapo m'nyumba, koma nsima siyenda yokha pakhosi. Munthu wamkulu adzikakamiza, nadya ndi madzi a mcere. Mwana atema mbamu ziwiri, nakankha mbale, napita kukasewera ndi mimba yopanda kanthu. Inu amai mudziwa kuti mwana yemweyo, mukampatsa nsima ya therere, amaliza mtanda wonse, cifukwa therere litsetsereza nsima. Ndi ndiwo zoyenera kamwana kongoyamba kudya, munthu wodwala, ndi nkhalamba imene mano anatha.

Ine ndinali mwana wa sukulu pa njala ya 2002. Sindidzanena kuti denje linalowa m'malo mwa nsima, iai. Tsamba silikhalitsa m'mimba. Koma ndikumbukira kuti masiku amene m'nyumba munali ufa wa gaga wokhawokha, amai anga anali kubwera ndi denje kucokera kumunda, ndipo ndi ilo tinakhoza kumeza cimene cinalipo. Munda womwewo ndinaupenya dzinja lapitali. Amene alimamo tsopano athira mankhwala, ndipo simuli tsinde la denje ngakhale limodzi. Ndinadzifunsa kuti, njala yotere ikadzabweranso, ana a pamenepo adzathyola kuti?

Tsamba lobiriwira kwambiri monga la denje liri ndi zinthu zimene nsima iribe. Liri ndi cimene thupi licisandutsa vitamini A, amene asunga maso kuti aone bwino madzulo, nathandiza mwana kulimbana ndi matenda. Liri ndi ayironi wothandiza magazi, amene mai wapakati amfuna kwambiri. Liri ndi kashiamu wa mafupa ndi mano. Ndipo lisanafote liri ndi vitamini C. Kabici wa mutu woyera uja, amene timtayira ndalama pa msika, acepekedwa kwambiri pa vitamini A mukamyerekeza ndi denje. Ndipo kulemekeza masamba athu sikunayambe lero. M'zaka za 1938 ndi 1939 Boma la nthawi imeneyo linatuma Dr. Platt ndi anzace kukakhala m'midzi ya dera la Nkhotakota, kuti ayese ndi kulemba cakudya ca anthu. Mmodzi wa iwo, mai Jessie Williamson, analondola kwambiri za ndiwo zimene amai anali kuthyola m'minda ndi m'chire, ndipo m'buku lace la zomera zothandiza za dziko lino, losindikizidwa mu 1955, denje lirimo. Alendo analiyesa loyenera kulembedwa m'buku. Eni ace tiliyesa udzu.

Ndidziwa kuti cotiletsa cacikulu ndi manyazi. Timati therere ndi ndiwo za amphawi, ndipo mlendo akafika mai abisa mphika wa denje kuseri nathamangitsa nkhuku. Sindiletsa kuphera mlendo nkhuku. Umenewo ndi ulemu wathu. Koma mverani za maiko ena. Ku Egypt denje lomweli alicha molokhia; alilima m'minda yothirira, aliphika ndi adyo m'msuzi wa nkhuku kapena wa kalulu, ndipo adya olemera ndi osauka omwe. Ku Nigeria Ayoruba alicha ewedu, ndipo ligulitsidwa pa misika ya m'mizinda yaikulu monga Lagos ndi Ibadan. Ku India ndi ku Bangladesh alifesa mothithikana kuti litalike koposa munthu, naviika mitengo yace m'madzi, nasenda luzi. Luzi limenelo ndilo jute, limene aomba nalo ziguduli. Ciguduli cimene mukulungira belo la fodya cinacokera ku tsinde la denje kapena la mbale wace weniweni. Akulu anati, mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Abambo ena amati therere lifooketsa mwamuna, ena amati lisukulutsa mankhwala a m'thupi. Za mankhwalawo ndisiyira eni ace. Za kufookako, ine ndadya denje kuyambira ubwana wanga, ndipo khasu ndiligwirabe. M'tsambamo mulibe kanthu kocotsa mphamvu. Bambo amene salikonda asadye, koma asaletse bedi la ana ace.

Tsono tidze ku nchito. Denje ndi mbeu ya dzuwa ndi madzi pamodzi, ndipo liopa cisanu. Mukalifesa m'mwezi wa Meyi, Juni kapena Julaye, pamene mwera ulikuomba ndi usiku uli wautali, limera mozengereza, nilicita maluwa likali lalifupi ngati cikhatho, ndipo mudzakolola makoko m'malo mwa masamba. Ici cioneka kwambiri ku mapiri, monga ku Dedza ndi ku Mzimba. Ku nyanja, monga ku Salima ndi ku Karonga, ndi ku cigwa ca Shire kumene kuli kotentha, vutoli licepako. Nthawi zabwino ndi ziwiri. Yoyamba ndi kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Sepitembala, kukayamba kufunda, m'dimba kapena pafupi ndi citsime. Limeneli ndilo lidzakupulumutsani pa njala ya ndiwo ija, pakuti mudzayamba kuthyola mu Okutobala. Yaciwiri ndi pamene mvula yakhazikika, mu Disembala, pa khomo kapena m'mbali mwa munda. Limeneli ndi lakudya dzinja, la mfutso, ndi la mbeu. Musanyengedwe ndi cizimalupsa, pakuti mbande zazing'ono zipserera msanga mvula ikadukiza.

Sankhani malo a dzuwa, osati pansi pa mango kapena pa nthoci. Nthaka ikhale yofewa, yacinyontho, koma posadikha madzi. Pa dzala lakale, pamene panali khola, m'mphepete mwa culu, ndi pa dothi lakuda la m'mbali mwa dambo, ndiwo malo amene denje lidzisankhira lokha. Tsatani nzeru yace. Limani mozama ndi kuphwanya zibuma zonse, pakuti njere zace ndi zazing'ono. Bedi likhale la yadi imodzi m'lifupi, kuti dzanja lifike pakati popanda kupondapo, ndi mayadi 10 m'litali. Limenelo likwanira banja limodzi. M'dzinja likwezeni monga bedi la fodya, kuti madzi atsike. M'malimwe likhale lotsika pang'ono, ndi kamzere kochinga m'mbali, kuti madzi othirira asathawe. Thiranimo ndowa 3 za manyowa a khola owola bwino, kapena ndowa imodzi ya zitosi za nkhuku zakale, ndi kusakaniza ndi dothi. Ndowe zaziwisi iai. Zipsereza mbande, ndipo zidza ndi njere za udzu. Denje la pa nthaka yoguga licita masamba aang'ono acikasu, nilifulumira kubala.

Tsopano mverani bwino, pakuti apa ndi pamene ambiri alephera. Alipo amai amene anayesapo kufesa denje, nadikira masabata awiri, ndipo zinamera zitatu zokha apa ndi apo. Pamenepo anati, "Denje likana kufesedwa ndi munthu, lifuna kudzimerera." Si kukana ai. Njere ya denje iri ndi khungu lolimba, losalola madzi kulowa. M'chire khungu limeneli lithandiza, pakuti njere zina zimera caka cino, zina zigona m'nthaka kufikira dzuwa ndi mvula zitalifewetsa, ndipo cotero mtundu sutha ngakhale pa cilala. Koma mlimi afuna kuti zonse zimere pamodzi, ndipo mankhwala ace ndi madzi otentha.

Tengani njere zodzala supuni yaing'ono ya tiyi. Zimenezo zikwanira bedi lonse lija. Zimangeni m'kansalu koyera, momasuka, ndi kusiya cingwe cogwirira. Wiritsani madzi m'mphika, ndipo atawira ndithu phulani mphikawo. Pomwepo viikani kansalu kaja, nimuwerenge kuyambira 1 kufikira 10, monga awerengera ana a sukulu, osathamanga ndi osazengereza. Vuulani, nimukaviike m'madzi ozizira, ndipo yanikani njerezo pamthunzi kuti zingouma kunja, zisamamatirane. Muzifese tsiku lomwelo kapena m'mawa mwace. Njere zoviika sizisungika. Cifukwa cace musaviike mbeu yonse ya m'nsupa, koma zokhazo zimene mufuna kufesa.

Ndinene colakwa canga kuti inu musacibwereze. Caka coyamba ca nchito yanga ndinafuna kuonetsa anthu a mudzi wina nzeru imeneyi. Ndinaviika kansalu mphika ukali pamoto, ndipo mkulu wina anandifunsa za fetereza. Ndinamyankha ndi mau ambiri, nditaiwala cimene cinali m'dzanja langa. Tinafesa mokondwa, tinathirira masiku 14, ndipo sipanamere kanthu, pakuti ndinali nditaphika mbeu. Kufikira lero anthu a kumeneko andicha mlangizi wophika mbeu. Tsono pamene mulikuwerenga musayankhe munthu, ngakhale ali mfumu; mafumu andikhululukire.

Pofesa sakanizani njere ndi mcenga wouma wodzala manja awiri, kuti zisagwe mulu pamodzi. Lembani ndi kamtengo timizere titatu m'litali mwa bedi, totalikirana phazi limodzi, tosazama koposa cikhadabo. Wazanimo, kwirirani ndi dothi losalala pang'ono pokha, tsindirani ndi cikhatho, ndi kuphimba ndi udzu wouma wopanda njere, monga mucita pa nazale ya fodya. Thirirani m'mawa ndi madzulo ndi kheni kapena cithini coboola timabowo. Madzi okhuthula ndi ndowa akokolola njere. Pasanathe sabata mudzaona zitamera. Pomwepo cotsani udzu pamwamba pa mbande ndi kuuyala pakati pa mizere.

Zikafika msinkhu wa cala, patulirani, kusiya cikhatho cotambasula pakati pa tsinde ndi linzace. Amai amva cisoni kuzula, koma denje lothithikana litalika ngati bango, masamba ace ocepa. Zozulazo musataye, zina muokere madzulo pamene panalephera kumera, ndi kuthirira, zotsala ziphikeni, ndizo ndiwo zoyamba. Palirani ndi manja udzu ukali waung'ono. M'malimwe madzi asasowe ngakhale masiku atatu, cifukwa denje likamva ludzu liyesa kuti imfa yafika, nilifulumira kucita maluwa kuti lisiye ana. Likatero masamba aleka kuphuka.

Patapita masabata 4 kufikira 6, litatalika phazi limodzi, yambani kuthyola. Musazule tsinde, ndipo musapulule masamba onse monga icita mbuzi. Tsinani nsonga, kutalika kwa cala kapena kwa cikhatho, ndi kusiya masamba a m'munsi. Pamene mwatsinapo padzaphuka nthambi ziwiri kapena zitatu, ndipo patapita masabata awiri mudzatsinanso nsonga za nthambizo. Gawani bedi m'zigawo, lero kuno, mkuja uko, kuti mphika usasowe kanthu. Mutathyola kawiri, thirani manyowa ena pang'ono pakati pa mizere. Bedi losamalidwa cotero lidyetsa banja miyezi iwiri kapena itatu, ndipo wanzeru afesa laciwiri mwezi umodzi pambuyo pa loyamba. Thyolani m'mawa kapena madzulo. Denje lifota msanga. Wopita nalo ku msika alikulunge m'masamba a nthoci onyowa.

Mdani woyamba wa denje saoneka ndi maso. Mukaona tsinde lopinimbira, lofota masana ngakhale mwathirira, lizuleni nimuone mizu. Ikakhala yotupatupa ngati mikanda, m'nthakamo muli tinyongolotsi tating'onoting'ono timene tilowa m'mizu. Alimi a fodya ndi a matimati adziwa bwino matenda amenewa. Musasokoneze ndi timibulu ta pa mizu ya nyemba ndi ya mtedza, timene tiri tabwino, ndipo ticoka mukatikankha ndi cala. Kutupa kwa matendawa kuli m'thupi la muzu weniweniwo. Mankhwala a mlimi wa m'mudzi ndi kusintha malo. Musafese denje pamene panali fodya, matimati, mabiringano kapena therere lobala, ndipo musalibwereze pa bedi lomwelo. Pabwere cimanga poyamba. Zozula zodwala zitentheni. Anunkhadala, ziwala ndi mbozi zidyanso masamba, koma pa bedi limodzi manja akwanira. Tolani m'mamawa zikali zozizidwa. Sindikonda kuti mupopere mankhwala pa ndiwo zimene muthyola masiku onse, ndipo mankhwala a thonje kapena a fodya asafike pa denje konse, pakuti ndi ciphe copha anthu.

Koma mdani amene atha bedi tsiku limodzi ali ndi miyendo inai, ndipo ali ndi mwini wace. Apa ndirikunena ndi inu, mafumu. M'malimwe mbuzi, nkhumba ndi ng'ombe zimasulidwa, ndipo cobiriwira cokha m'mudzi monse ndi dimba la mai amene wasenza madzi mwezi wathunthu. Mwini dimba amange mpanda wa minga, kapena wa mapesi ndi bango, inde. Koma mpanda wokha sulimba popanda mau a mfumu. Ngati mlandu wa mbuzi yodya fodya ulipitsa, koma mlandu wa mbuzi yodya ndiwo useketsa bwalo, amai adzaleka kufesa, ndipo sindidzawadzudzula. Ndikupemphaninso kuti pogawa malo a kudambo mukumbukire amai amasiye ndi nkhalamba, amene alibe wowalimbira pa bwalo. Mayadi 10 si malo ambiri.

Za kaphikidwe sindingaphunzitse amai, ndingapse nazo manja. Ndinene ziwiri zokha. Cidulo ndi soda zifewetsa therere, koma zikaculuka ziononga mavitamini ena a m'tsamba; nsonga zanthete za m'dimba zipsa msanga, ndipo zifuna pang'ono pokha, kapena osathira konse. Madzi akhale ocepa, awire poyamba, ndipo mphika usacedwe pamoto. Caciwiri, thiranimo nsinjiro kapena kadontho ka mafuta, pakuti vitamini A alowa bwino m'thupi akayenda ndi mafuta. Ndipo denje likaculuka kumapeto kwa dzinja, lifutseni. Yanikani masamba pa mphasa yoyera, pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa la masana limene liwayeretsa ndi kuwalanda mphamvu. Atauma kufikira afikisika ndi zala, asungeni m'cikwatu kapena mumtsuko wotseka, kapena asinjeni akhale ufa.

Cotsiriza ndi mbeu. Musatenge mbeu ku tsinde lotsalira, lopinimbira, limene linafulumira kubala, pakuti ana ace adzatero omwe. Bedi likali labwino sankhani mitengo 5 kapena 6 ya masamba aakulu, yocedwa kucita maluwa, nimumangepo kansanza kuti ana asatsineko. Makoko akasanduka ofiira ngati fodya wouma, asanang'ambike, dulani nthambi, ziyanikeni pa mphasa, zipunthireni m'thumba, ndi kupeta. Njere zouma bwino muziike m'botolo kapena m'nsupa yotseka, pamodzi ndi phulusa louma, pa malo ozizira. Ndipo cenjerani ndi ici: tsamba la denje ndi cakudya, koma njere zace zokhwima ziri ndi ciphe cogwira mtima, ndipo m'maiko ena ziweto zafapo zitadya njerezi. Musaphike makoko okhwima pamodzi ndi masamba, musataye mankhusu a popeta pamene nkhuku ndi nkhumba zidya, ndipo botolo likhale pamwamba posafika ana.

Mbeu yoyamba simudzaigula. M'masika yendani m'mbali mwa dambo ndi pa zulu, kutali ndi minda yopopera, nimudule makoko a denje la masamba aakulu. Ndipo amene ali nayo kale m'nsupa agawireko mnzace. Ine ndadza nayo pang'ono. Mawa m'mawa, mafumu akalola, ndidzakhala pa dimba la kumunsi kwa citsime. Amai adze ndi mphika, nkhuni ndi kansalu, abambo adze ndi makasu ndi ndowa za manyowa, ndipo tidzaviika ndi kufesa bedi loyamba pamodzi. Wowerenga kufikira 10 mudzasankha nokha.